Mbiri ya Tsabola wa Kuseri kwa Nyumba: Kumene Anacokera ndi Cifukwa Cake Amasintha Mtundu

Akuluakulu amati tsabola wakale sawawa. Mwambi umenewu umamveka pa bwalo la milandu ku Angónia, umamveka ku Metangula, ndipo tsidya lina la malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, amaunena cimodzimodzi. Comera cikalowa m'mwambi ndiye kuti cakhazikika pakati pa anthu, ndipo ambiri a ife timaona tsabola ngati mbewu imene Namalenga anaikira makolo athu pamodzi ndi mapira ndi mawere. Komatu zaka 600 zapitazo panalibe munthu mu Africa yense amene anali atalawapo tsabola ameneyu. Akalonga oyamba a Amaravi ankadya nsima yawo ndi ndiwo zopanda piripiri.

Pali funso limene limavutitsa alimi a m'madimba caka ndi caka. Mayi amasunga njere za kambuzi kacikasu kamene analandira kwa amayi ake, amafesa pa nazale, amawokera, amathirira, koma zipatso zikapsa zimatuluka zofiira, zazitali, fungo lake lacilendo. Ena amati nthaka yaguga. Ena amanong'ona kuti wansanje anaponda m'dimbamo usiku. Yankho lenileni lili m'mbiri ya comeraci ndi m'mene duwa lake limagwirira nchito, ndipo mlimi amene walidziwa akhoza kupulumutsa mtundu wa tsabola wa pa banja pake usanasowe.

Kwawo kwa tsabola

Mitundu yonse ya tsabola wowawa, pamodzi ndi uja wamkulu wosawawa amene pa Cipwitikizi amati pimento, inacokera ku America. Kumeneko, makamaka m'dera la Bolivia ndi maiko oyandikana nalo, mpaka lero kumamera tsabola wa kuchire wa mitundu yambiri. Wa kuchireyu amabala tizipatso tating'ono tofiira, toloza kumwamba, tothothoka msanga tikapsa. Maonekedwe amenewa ndi oitana mbalame. Mbalame imaona zofiira ili patali, imameza kacipatso, ndipo njere zimakagwa kwina pamodzi ndi citosi.

Anthu a kumeneko anayamba kudya ndi kulima tsabola kalekale. Mu 2007 ofufuza analengeza kuti apeza zotsalira za tsabola pa mphero ndi pa mapale a miphika m'midzi yakale ya ku Ecuador, za zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. M'kupita kwa nthawi anthu a m'madera osiyanasiyana anaweta mitundu ikuluikulu isanu. Kwa ife kuno yofunika ndi itatu. Capsicum annuum anawetedwa ku México, ndipo m'gulu lake muli tsabola wamtali wofiira ndi pimento. Capsicum chinense ndi wa m'cigwa ca mtsinje wa Amazonas, ndipo kambuzi kathu kali m'gulu limeneli. Capsicum frutescens ndiye piripiri wamng'ono woloza kumwamba.

Alimi akalewo ankasankha njere monga momwe amayi athu amacitira. Ankasunga za comera cimene zipatso zake n'zazikulu, zolendewera pansi pa masamba pamene mbalame siziona, ndiponso zosathothoka zokha. Comera ca zipatso zacikasu kapena zalalanje cikapezeka mwangozi pakati pa zofiira, wina ankacikonda n'kusunga njere zake. Motero tsabola wacikasu amene tili naye lero alipo cifukwa manja a anthu anamusunga mibadwo yambirimbiri. Wansembe wa ku Espanha, Bernardino de Sahagún, amene analemba za moyo wa Aaziteki m'zaka za m'ma 1500, anafotokoza ogulitsa tsabola m'misika ya ku México ali ndi wofiira, wobiriwira ndi wacikasu, wowawa kwambiri ndi wowawa pang'ono.

Ulendo wa panyanja

Azungu a nthawi imeneyo ankalakalaka tsabola wina, wakuda wa timibulu, wa comera coyanga cimene cimamera ku gombe la Malabar ku Índia. Anali wodula kwambiri, ndipo anali cimodzi mwa zinthu zimene zinatulutsa zombo ku Lisboa ndi ku Espanha. Cristóvão Colombo atafika ku zilumba za Caraíbas mu 1492 ankaganiza kuti ali pafupi ndi Índia. Kumayambiriro kwa 1493 analemba kuti anthu a pa cilumba ca Hispaniola amadya cokometsera cowawa cimene amati ají, ndipo sadya cakudya popanda ico. Popeza cinali cowawa, Azungu anacipatsa dzina la tsabola wa ku Índia uja, ngakhale zomera ziwirizi zilibe ubale.

Amene anamwaza comeraci kum'mawa anali Apwitikizi. Vasco da Gama anafika pa Ilha de Moçambique mu 1498 ali pa ulendo wa ku Calecute. Pedro Álvares Cabral anakoceza ku Brasil mu 1500. Mu 1505 Apwitikizi anamanga linga ku Sofala, mu 1507 anakhazikika pa Ilha, ndipo mu 1510 analanda Goa. Kuyambira pamenepo Brasil, Lisboa, gombe lathu ndi Índia zinalumikizidwa ndi njira imodzi ya zombo. Zombo zopita ku Goa zinkaima pa Ilha, nthawi zina kwa miyezi, kudikira kuti mphepo ya panyanja itembenuke. Amalinyero ankanyamula zakudya zouma, ndipo tsabola wouma sawola msanga komanso amakhala ndi njere zamoyo m'kati mwake.

Tsabola anayenda mofulumira moti ngakhale ophunzira anasokonezeka za kwawo kwake. Mu 1542 Leonhart Fuchs wa ku Alemanha anajambula comeraci m'buku lake la zitsamba n'kucipatsa dzina la tsabola wa ku Calecute, poganiza kuti n'ca ku Índia. Mu 1776 Nikolaus von Jacquin anacha gulu la kambuzi kuti chinense, kutanthauza la ku China. Dzinalo linakakamira mpaka lero, ngakhale gululi linacokera ku Amazonas.

Maina amene timagwiritsa nchito nawonso ali ndi ulendo wawo. Mawu akuti piripiri ndi akale kuposa kufika kwa comera cake. Ku Índia kunali cokometsera cochedwa pippali. Aperezi ndi Aluya anatenga dzinalo n'kumati pilpil ndi filfil, pa Ciswahili linakhala pilipili, ndipo kwa ife ndi kwa Apwitikizi linakhala piripiri. Dzina lakuti malagueta poyamba linali la njere zowawa za comera cina ca kumadzulo kwa Africa, cimene Azungu ankagula Colombo asanawoloke nyanja. Tsabola wa ku America atabwera anangolowa m'maina amene anawapeza.

Kukwera mtsinje wa Zambezi

Pofika m'zaka za m'ma 1530 amalonda a Cipwitikizi anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Mpaka mu 1752 madera a Apwitikizi ku Moçambique ankalamulidwa kucokera ku Goa, ndipo ambiri mwa ogulitsa nsalu ndi mikanda m'cigwa ca Zambezi anali Amwenye a kumeneko, anthu amene zakudya zawo zinali zitazolowera kale tsabola. Pa minda ikuluikulu ya maprazo panali makhicini ophika Cigoa, ndipo ophika ndi olima anali anthu akuda a m'cigwamo.

Kumpoto kwa Tete kunali dziko la Amaravi, la Kalonga ndi Undi. Makolo athu ankatsikira kucigwa ndi minyanga ya njovu ndi makasu osula, n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda. Kum'mawa kwa nyanja ya Niassa, Ayao ankayenda maulendo aatali kupita ku Ilha ndi ku Kilwa. Njira zimenezi zinali zopondedwa kwambiri. Francisco de Lacerda mu 1798, ndiponso Monteiro ndi Gamitto mu 1831, anadutsa m'dziko la Amaravi pocokera ku Tete kupita kwa Kazembe, motsata mikwaso ya amalonda. M'njira zomwezi munadutsanso akapolo otengedwa kupita ku Quelimane, ndipo ambiri a iwo anakatsitsidwa ku Brasil, dziko limene linatipatsa zina mwa mbewu zathu.

Tsabola sanabwere yekha. Cimanga, cinangwa, mbatata, mtedza, fodya, nanazi, papaya ndi matimati, zonsezi n'zocokera ku America. Cinenero cathu cinasunganso zizindikiro za nthawi imeneyo m'mawu monga mbatata, nsapato, cipewa, kalata, zenera ndi kacasu, amene anacokera ku Cipwitikizi. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwa alendo onsewa tsabola anali wosavuta kunyamula. Kacipatso kamodzi kouma, komangidwa pa nsonga ya nsalu, kakhoza kubala nazale yathunthu.

Atangofika, mbalame za kuno zinayamba nchito imene mbalame za ku America zinkagwira. Cimene cimawawa mu tsabola ndi mankhwala ochedwa capsaicin. Amaocha m'kamwa mwa munthu, mwa khoswe ndi mwa nyani, koma mbalame sizimva kuwawa kwake, ndipo njere zimatuluka m'mimba mwake zili zamoyo. Pumbwa amadya piripiri wakupsa n'kukasiya njere pansi pa mtengo, pa culu kapena m'mbali mwa khola. Ici ndico cifukwa cake piripiri amamera yekha pamene palibe anabzala, ndipo agogo athu ankamuona ngati comera ca m'chire la kwathu.

Kambuzi kali ndi mbiri yake yoseketsa. Dzinali limanena za fungo lake lamphamvu. Ku Brasil kulinso tsabola wamng'ono wobulungira wa gulu lomweli la chinense, wacikasu kapena wofiira, amene amamucha pimenta-bode, ndiko kuti tsabola wa tonde. Mphuno za anthu a mbali ziwiri za nyanja zinamva cinthu cimodzi.

Cifukwa cake cipatso cimasintha cikamapsa

Cipatso ca tsabola cikakhala cacing'ono cimakhala cobiriwira cifukwa cili ndi cinthu comwe cija cimene cimabiriwitsa masamba, cimene asayansi amati chlorophyll. Njere zikakhwima, comera cimaphwanya cobiriwiraco n'kuyamba kupanga utoto wina. Utoto wacikasu ndi walalanje ndi wa gulu lofanana ndi umene uli m'karoti ndi m'maungu. Utoto wofiira kwambiri, wochedwa capsanthin, unadziwika kudzera mwa asayansi a ku Hungria m'zaka za m'ma 1920, pofufuza ufa wa tsabola umene kwawoko amati paprika. Ku dziko lomwelo, mu mzinda wa Szeged, Albert Szent-Györgyi anatulutsa vitamini C woculuka kucokera mu tsabola mu 1932, ndipo mu 1937 analandira mphoto ya Nobel.

Comera cimapanga utoto wofiira posandutsa utoto wacikasu. N'cifukwa cake pa comera cimodzi ca piripiri mumaona zipatso zobiriwira, zalalanje ndi zofiira nthawi imodzi. Umenewo ndi msinkhu cabe, monga m'mudzi muli makanda, anyamata ndi nkhalamba. Nthawi zina cipatso cimaoneka coderako ngati dothi kwa masiku angapo, pamene cobiriwira cisanathe koma cofiira cayamba kale. Pimento wobiriwira amene timagula pa msika ndi wosapsa. Atasiyidwa pa comera kwa masabata ena angapo akanafiira kapena kucita cikasu, malinga ndi mtundu wake.

Tsabola amene amathera pa cikasu ndi amene alibe mphamvu yosandutsira utoto wacikasu kukhala wofiira. Mungamusiye padzuwa mwezi wathunthu, adzafota ali wacikasu. Palinso mitundu imene siphwanya cobiriwira cija ngakhale itapsa, ndipo cobiriwira cikasakanikirana ndi cofiira cipatso cimaoneka ngati khofi. Ina imaoneka ngati biringanya ikakhala yaiwisi, makamaka mbali yoombedwa ndi dzuwa, kenako n'kudzafiira ikapsa.

Nyengo imasintha liwiro la kupsa ndi kuwala kwa utoto. Kufiira kumayenda bwino kukakhala kofunda pang'ono. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ku mapiri a Tsangano ndi Ulónguè tsabola amakhalitsa asanafiire, ndipo m'kutentha kwa cigwa ca Tete dzuwa likhoza kuwaula cipatso n'kusiya banga loyera. Koma nyengo singasandutse mtundu wacikasu kukhala wofiira. Zimenezo zikacitika pa mbewu yanu, cifukwa cake cili mu njere.

Ukwati wa maluwa

Zinatenga nthawi yaitali kuti ophunzira a ku Ulaya avomereze kuti zomera nazo zili ndi mbali yacimuna ndi yacikazi. Rudolf Camerarius wa ku Tübingen anaonetsa mu 1694 kuti popanda mungu comera sicibala njere zamoyo, ndipo cimanga cinali cimodzi mwa zomera zimene anayesera. M'zaka za m'ma 1760 Joseph Kölreuter anakwatitsa mitundu iwiri ya fodya ndipo anaona kuti tizilombo touluka timanyamula mungu. Mu 1865 Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anafotokoza zimene anapeza pa nsawawa za m'munda wa nyumba ya ansembe, ndipo anazisindikiza mu 1866. Anthu sanazilabadire mpaka mu 1900. Zimene Mendel anapeza ndi zomwe zimacitika m'dimba mwanu.

Duwa la tsabola lili ndi mbali zonse ziwiri, yotulutsa mungu ndi yolandira. Kawirikawiri limadzikwatira lokha, ndipo mwana amafanana ndi kholo. Koma njuci ndi tizilombo tina timatera pa duwa ili ndi ilo, n'kusiya mungu wa comera cina. M'minda ina kusakanikirana kotere kumakhala kocepa, koma kumene njuci n'zambiri kukhoza kukhudza njere zoposa theka. Magulu atatu amene timalima kuno, annuum, chinense ndi frutescens, ndi apacibale, conco mungu wa limodzi nthawi zina umagwira pa duwa la linzake. Mukhoza kuwasiyanitsa poyang'ana pa mfundo ya nthambi: annuum amatulutsa duwa limodzi loyera, kambuzi kamatulutsa awiri kapena kuposa, ndipo maluwa a piripiri ndi oyera mobiriwirako.

Pa cikhalidwe ca Acewa mkamwini amacokera kumudzi kwina n'kudzakhala kwa mkazi. Kubwera kwake sikusintha nkhope ya mkaziyo. Nkhope ya mkamwini imadzaonekera pa ana. Mungu wacilendo ndi mkamwini wotere. Mnofu ndi khungu la cipatso ndi thupi la comera cimene cabereka, ndipo zimatsata mtundu wa comeraco. Ana ndi njere zimene zili m'kati. Conco kambuzi kacikasu kolandira mungu wa tsabola wofiira kamapsa kacikasu ndithu caka cimeneco, ndi fungo lake lomwe lija. Mlimi amasankha cipatso cokongola, amasunga njere, osadziwa kuti zina mwa njerezo bambo wake ndi wa m'dimba la mnansi.

Cimanga ndico cimatisoceretsa pa nkhani imeneyi. Mukabzala coyera pafupi ndi cacikasu, caka comweco mumapeza maso acikasu pa cisononkho coyera. Zimatero cifukwa diso la cimanga ndi njere, ndipo ufa wa m'kati mwake umapangidwa ndi mbali ya mayi pamodzi ndi ya mungu. Pa cimanga timadya mwana, ndiye mkamwini amaonekera pomwepo. Pa tsabola timayang'ana thupi la mayi, ndiye mkamwini amabisala mpaka mbewu yotsatira.

Mendel anaonetsa kuti mwana amalandira cizindikiro cimodzi kwa mayi ndi cimodzi kwa bambo, ndipo cina cimaphimba cinzake. Pa tsabola, kufiira kumaphimba cikasu, ndipo kuwawa kumaphimba kusawawa. Tiyerekeze ndi zaka zitatu. Caka coyamba kambuzi kacikasu kalandira mungu wa wofiira weniweni, ndipo palibe cooneka. Caka caciwiri njere zosakanikiranazo zimabala zomera za zipatso zofiira zokhazokha. Mlimi akasunganso njere za zofiirazo, caka cacitatu comera cimodzi mwa zinayi zilizonse cimabwerera ku mbali ya cikasu, pamene zitatu zimakhala zofiira. Cikasu cinali cobisika, sicinafe. Koma kukula kwa cipatso, kaumbidwe kake ndi fungo zimatsata zizindikiro zina zambiri zimene nazo zasakanikirana, motero wacikasu wobwererayo sakhala ndendende uja wa agogo.

Mfundo yomweyi imayankha cikhulupiriro cakuti pimento wobzalidwa pafupi ndi piripiri amayamba kuwawa caka comweco. Capsaicin amapangidwa m'kamnofu koyera kamene njere zimamatirirapo, ndipo kamnofu kameneko ndi thupi la mayi. Pimento weniweni amakhala wosawawa ngakhale mungu utacokera kwa piripiri. Ana ake ndiwo amadzawawa. Muyeso wa kuwawa umene ogula amagwiritsa nchito unayambitsidwa ndi Wilbur Scoville ku Estados Unidos mu 1912. Pa muyeso umenewo pimento ali pa 0, pamene piripiri wamng'ono amapitirira 50,000. Cilala cikhoza kuwonjezera ukali wa tsabola wowawa kale, ndipo ici n'cifukwa cina cimene comera cimodzimodzi cimalawika mosiyana m'zaka ziwiri.

Malire a anthu, njira za njuci

Pangano la Britain ndi Portugal la mu Juni 1891 linadula dziko la anthu a cinenero cimodzi. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, kwa mtunda wautali, msewu waukulu ndiwo malire. Dimba la mlongo lili ku Moçambique, la mlongo wake lili ku Malawi, ndipo njuci imodzi imatera m'madimba onse awiri m'mawa umodzi, cifukwa njuci imatha kuuluka makilomita awiri kapena atatu posaka maluwa. Pa misika ya Lizulu ndi Tsangano, pa Calómuè, pa Zóbuè ndi pa Mandimba, tsabola wa mbali zonse amagulitsidwa pa milu yoyandikana, ndipo wogula amene wakonda mulu amasungako njere.

Nkhondo ya zaka 16 inasuntha anthu pamodzi ndi mbewu zawo. Anthu oposa miliyoni imodzi a ku Moçambique anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anakhala m'midzi ya abale awo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Minda ya kumudzi inagonera zaka zambiri. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kukatsegulanso madimba ndi mbewu zimene anapeza kumene anathawira kapena zimene analandira ngati thandizo. Amene anali akuluakulu nthawi imeneyo ndiwo angakuuzeni kuti ndi tsabola uti anali pamudzi nkhondo isanayambe ndipo ndi uti anabwera pambuyo.

Masiku ano kwabwera mbewu za m'mapaketi. Zina zimalembedwa F1, kutanthauza kuti kampani inakwatitsa dala makolo awiri osiyana. Caka coyamba zomera zonse zimafanana ndipo zimabereka bwino. Mukasunga njere zake, caka cotsatira mumaona zimene Mendel anaona: zazitali, zazifupi, zowawa mosiyana. Paketiyo sinali yonama. Mbadwo waciwiri wa mbewu yotere umabalalika mwacibadwa. Mungu wa mbewu za m'mapaketi umalowanso mu mbewu za makolo zimene zili pafupi.

Piripiri wasanduka malonda. Kampani ya Nando's, imene inayamba ku Johannesburg mu 1987 ndi nkhuku yoocha monga amaochera Apwitikizi a ku Moçambique, inafalitsa dzinali m'maiko ambiri, ndipo ku Malawi tsabola wa m'botolo wa Nali amadziwika m'nyumba zambiri. Ogula piripiri wouma amafuna tizipatso tofanana kukula, tofiira bwino. Thumba losakanikirana limagwa mtengo kapena kubwezedwa. Motero kusakanikirana kwa mungu kumaluzitsa mlimi pawiri: ndalama pa sikelo, ndiponso mtundu wa pa banja umene sugulitsidwa m'sitolo iliyonse.

Kusunga mtundu

Olima mbewu zogulitsa amatalikitsa minda ya mitundu yosiyana ndi mamita 200 mpaka 400. M'dambo limene madimba ndi ogundana zimenezo sizitheka, koma pali njira yosafuna malo. Sankhani zomera zathanzi zinayi kapena zisanu zimene zipatso zake zikufanana ndi mtundu umene mukufuna. Pa comera ciliconse pezani nthambi ya maluwa osamasula, cotsanipo maluwa omasula kale ndi zipatso, ndipo ivekeni kathumba ka nsalu yopyapyala kapena kacidutswa ka neti yakale yocapidwa bwino, n'kumanga kukamwa. Muzigwedeza nthambiyo pang'ono m'mawa kuti mungu ugwere pa duwa lomwelo. Tizipatso tikaoneka, cotsani kathumba ndi kumanga ulusi pa kacipatso kalikonse kuti musadzasokoneze ndi tobwera pambuyo.

Dikirani mpaka cipatso cifike pa utoto wake womaliza, cifukwa njere za cipatso cobiriwira sizimera bwino. Yanikani njere pamthunzi podutsa mphepo, ndipo zikauma mokwanira kuthyoka mukazipinda, ziikeni m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira. Zimamera bwino kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kenako mphamvu imayamba kucepa. Ngati mbewu yasakanikirana kale, bzalani zomera zambiri, zulani zacilendo zikangoonetsa zipatso zoyamba, ndipo vekani matumba pa zokhazo zofanana ndi mtundu wakale. Pobwereza zimenezi kwa nyengo zingapo mbewu imayamba kukhazikikanso. Wacikasu ndi wosavuta kuyeretsa pa nkhani ya utoto, popeza comera cacikasu cikadzikwatira cokha sicibala cofiira.

Kusakanikirana sikuti n'koipa nthawi zonse. Mitundu yambiri ya tsabola padziko lapansi inabadwa momwemo, njuci itakwatitsa ndipo mlimi wa maso akuthwa n'kusunga cotulukaco. Mukapeza comera cacilendo cimene cikubereka kwambiri kapena cikukoma, cipatseni malo akeake ndi dzina lake. Cofunika n'cakuti catsopano cisameze cakale mwini wake asakudziwa.

Mbewu zimenezi zakhala m'manja mwa amayi kwa mibadwo yambiri popanda wolemba mbiri yake. Pa botolo lililonse la njere mukhoza kumata kapepala kolembapo dzina limene mumachulira tsabolayo, mudzi umene anacokera, amene anakupatsani ndi caka cake. Gawanikoni njerezo kwa m'bale wa tsidya lina la msewu, kuti dimba limodzi likakokoloka ndi madzi kapena likasakanikirana, mudzakhale ndi kokapempha.